Injini Ikulira M'mpanda

Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala pa mitala
ndi mkazi mnzanga wa matayala awiri.
Lamlungu lililonse, nkhuku zisanatuluke m'khola,
ankanditengera mwamuna kupita naye ku Dedza, ku Mchinji, ku Ntchisi,
ine n'kutsala ndi Ndaziona, ndi mbale,
ndi dontho la oyilo pakhonde.
Madzulo akabwera, tizilombo titamatirira pa jekete,
ankanditula kachewere wa pa Bembeke ngati chindapusa.

Kenaka mliri unatseka zipata.
Ofesi yake inasamukira pa thebulo lodyera,
sukulu ya mwana inalowa m'foni yanga,
ndowa ya mpopi inaima pakhomo ngati mlonda.
Tinayamba kuonana tsiku lathunthu, ife atatu.
Ine ndinapeza imvi kuseri kwa khutu lake.
Iye anapeza pamene timaika mchere.

Koma Lamlungu silimvera wailesi.
Ankaitulutsabe njingayo,
kuipukuta ndi bulauzi yanga yakale ya kukwaya,
kudzoza tcheni, kuliza injini,
agalu a m'Chilinde monse n'kuvomera.
Ndaziona ankakhala pa thanki, chipewa chitamumeza mpaka m'mapewa,
akuitanira ngati kondakitala:
Nathenje! Lumbadzi! Mitundu wotsala mmodzi!
Ndipo ulendo wonsewo ankauyenda
pakati pa mtengo wa papaya ndi chingwe choyanikira zovala.

Usiku a kalabu ankasonkhana m'foni,
kutumizirana zithunzi za misewu ngati za abale otayika.
A Gwaza, amene ankatsogola nthawi zonse
ndi kambendera kofiira kumbuyo,
anatumiza mawu akuseka:
ndi kachifuwa chabe, anyamata, musandigawane zipangizo.
Lachitatu anali ku Sentulo, pa mpweya wa m'botolo.
Loweruka foni inalira nthawi imene foni siyenera kulira.
Ndinamupeza mwamuna wanga atakhala pansi m'khitchini,
atagwira sipanala,
popanda choti amange.

Panalibe kugona pasiwa.
Panalibe kuona nkhope.
Anati olowa kumanda achita kuwerengedwa ngati mapiritsi.
A kalabu anati, chabwino, tikamusiya pa geti.

Ine ndinati ndipita nawo.
Anandiyang'ana nthawi yaitali,
kenaka anatsitsa chipewa china pamwamba pa wadiropu,
chimene anandigulira chaka cha ukwati wathu,
pepala la mtengo likadali lomata.

Njinga khumi ndi zinayi, motalikirana,
nyali zoyaka dzuwa likuswa mtengo.
Mlatho wa Lilongwe tinauoloka osaima,
ine amene ndakalambira pamenepo m'minibasi.
Wogulitsa masiki anavula kapu.
Wapolisi wa pa raundabauti anangotsitsa dzanja.
Kutsogolo kwathu, kuseri kwa galimoto ya bokosi,
anasiya mpata wa njinga imodzi
ndipo palibe analowamo.

Pa geti la manda a ku 18 tinaima m'mbali mwa msewu.
Palibe anagwira mnzake chanza.
Analiza mainjini kamodzi, onse pamodzi,
mpaka mbalame zinabalalika m'mitengo,
kenaka anathimitsa.
Zii.
Manja anga anali adakali m'chiuno mwake.
Msana wake unkanjenjemera
ndipo injini inali itazima.

Pobwerera sanakhotere kwathu.
Anatenga wa baipasi, wautali, wopanda chifukwa,
ine sindinafunse.
Mphepo inapeza njira pansi pa masiki,
inandiumitsa masaya,
inanunkha udzu wopsa ndi njerwa za pauvuni.
Penapake chakufupi ndi Bunda Tenofu
ndinadzimva ndikupendekera limodzi naye pokhota
ngati ndakhala ndikutero moyo wanga wonse.

Kunyumba tinasamba m'manja, mpaka m'zigongono.
Ndaziona anadumpha mpanda kuchokera kwa a Nachisale
kufunsa ngati tabwera ndi kachewere.
Bambo ake anamunyamula osayankha, analowa naye.

Ine ndinatsalira pakhonde.
Mkazi mnzanga anali kuzizira pang'onopang'ono,
chitsulo chake chikuti ti, ti, ti,
fumbi la kumanda lili m'masipoko.
Kumwamba kunali kutayamba kuda cha ku Dzalanyama.
Ndinamasula chitenje changa
n'kumufunditsa.